Amuna anga sachoka pa mapulogalamu osintha maonekedwe a abambo: kodi kwapezeka wina?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ndakhala pabanja zaka 14. Chaka chatha ntchito ya amuna anga ku Kanengo idatha, pano amangogwira maganyu oyendetsa galimoto za eni. Kwa miyezi inayi tsopano akumaonera pafoni mapulogalamu a kunja aja otenga bambo wosadzisamala, n'kumumeta, kumuveka, kumukonzera nyumba, kenako n'kumuonetsa kwa abale ake atasinthiratu. Amaonera mpaka 1 koloko usiku, bandulo imangothera pomwepo. Ayamba kumeta sabata iliyonse, agula nsapato mapeyala awiri, ndipo akunena zolowa jimu. Tsiku lina ndidawapeza akupukuta misozi uku akuonera, atandiona adazimitsa foni. Anzanga a ku banki m'khonde akuti mwamuna akayamba kutchena ndiye kuti kwapezeka wina. Kodi n'zoona? Nanga chimawakoka amuna ku zinthu zoterezi n'chiyani?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kuyamba mwafunsa musadawaimbe mlandu amuna anu. Khazikani mtima pansi. Pa zonse mwatchulazi palibe chimene pachokha chikuloza kwa mkazi wina. Mwamuna wa chibwenzi amagona ndi foni kunsi kwa pilo, ikalira amatuluka nayo panja, amabwera mochedwa ndi nkhani zosagwirizana, ndipo ndalama zimatha popanda chooneka. Ndalama za amuna anu zikuoneka komwe zapita, zili kumutu ndi kumapazi, ndipo usiku ali m'nyumba mwanu momwemo. Mawu amene andigwira m'kalata yanu ndi aja akuti ntchito idatha. Tiyambire pamenepo.

Ine ndidakulira pakhonde la sitolo ina mumsewu wa Malangalanga, pomwe malemu bambo anga ankasoka. Ndili mwana ndinkawagwirira tepi yoyezera, ndipo ndinkaona chinthu chimene ndadzachimvetsa nditagwira kale ntchito ya ulangizi zaka zambiri. Mwamuna ankafika kudzasoketsa thalauza ali duu, nkhope ili gwa. Telala akamuzunguliza tepi m'chiuno n'kumuuza kuti "imani bwino achimwene, kwezani mapewa," pakamwa pankatseguka: za fizi ya mwana, za abwana ovuta, za mayi akudwala kumudzi. Bambo anga sankayankha zambiri, ankangovomera uku akulemba manambala m'kope. Munthu uja ankachoka atapepukidwa, thalauza asadalitenge n'komwe, chifukwa kwa mphindi khumi padapezeka wina woika maso ndi manja ake pa iye yekha. Mapulogalamu amene amuna anu akuonera adamangidwa pa njala yomweyo.

Kuno kwathu zoonera anthu wamba pa kanema m'moyo wawo wa tsiku ndi tsiku tidazidziwira pa Big Brother Africa mu 2003, pomwe Zein Dudha adatiimirira, aphungu a Nyumba ya Malamulo n'kulamula kuti kanema wa boma wa TVM asiye kuonetsa, khoti n'kudzachotsa chiletsocho. Chaka chomwecho ku America kanema wa Bravo adayambitsa Queer Eye for the Straight Guy, yomwe Netflix idadzaidzutsanso mu 2018 ndi dzina lalifupi loti Queer Eye. Mmene mwafotokozeramu, amuna anu akuonera imeneyi kapena zina zotengera pomwepo za pa YouTube ndi TikTok, monga za ometa aja amene amatenga munthu wogona mumsewu n'kumumeta ulere. Anthu asanu amafika pakhomo pa bambo amene wadzitayirira, kawirikawiri atapemphedwa ndi mkazi wake, mwana wake kapena mnzake. Wina amaona za zovala, wina za tsitsi ndi khungu, wina za kuphika, wina za nyumba, wachisanu n'kukhala naye pansi kukamba za mumtima. Amakhala naye pafupifupi sabata imodzi. Poti nkhaniyi mudzaimva kwa anzanu, ndineneretu: otsogolera pulogalamuyi amanena poyera kuti amakondana ndi amuna anzawo. Zimenezo sizinena kanthu za woonera, ndipo pulogalamu yoyambayo idakonzedwa dala kuti izithandiza amuna okonda akazi. Musadziwonjezere nkhawa ina pamenepa.

Taganizani za mtsikana wa kuno. Akatha msinkhu anankungwi amamukhazika pamphasa. Akamakwatiwa pamakhala chilangizo, bridal shower, kenako kitchen top-up. Akaima azimayi amamuzinga, akachira amamuonetsa kasambitsidwe ka khanda. Malangizo ena amapyola muyeso, inde, koma salekedwa yekha. Nanga mnyamata? Kumudzi kudali mphala ndi gowelo, kudali atsibweni amene ana a mlongo wawo adali mtolo wawo, ena ankapita kudambwe, ena kujando. Abambo ambiri a zaka za m'ma 40 amene adakulira ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chilinde sadapeze chilichonse mwa izi. Palibe adawauza kasankhidwe ka malaya owakwana, kametedwe kosatulutsa ziphuphu m'khosi, kaphikidwe ka ndiwo mayi akadwala, ngakhale kapepesedwe kwa mwana amene wamukalipira molakwa. Kuti afunse anzawo a pabawo, akuopa kusekedwa. Foni siseka munthu. Pa kanema paja akuona bambo mnzawo akuuzidwa zoona, kuti m'nyumba mwake ndi mwauve, kuti zovala zake zidatha kalekale, koma akuuzidwa mwaulemu, ndipo womuuzayo akupinda malaya n'kugwira naye tsache. Abambo ambiri kudzudzulidwa kopanda chipongwe sadakulawepo chibadwire.

Ndiye muonjezerepo za ntchito. Mwamuna wa kuno timamuyezera m'thumba. Ntchito ikatha, pamodzi ndi malipiro pamapitanso chifukwa chodzukira 5 koloko, chifukwa chositira malaya, moni wa alonda a pageti, ndi dzina lija ankamuitanira kuntchito. Pamaliro a kwawo amasiya kumufunsa maganizo. M'nyumba ana amayamba kupempha ya kope kwa mayi awo. Palibe amamunyoza poyera, koma iye amaona kuti maso a anthu akumudumpha. Chichokereni pomwe ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, abambo otere ndakhala nawo ambiri m'chipinda changa cholangizira. Makalata ofunsira ntchito amapita osabwerako yankho. Mtengo wa thumba la chimanga sangautsitse, mafuta akasowa sangawabweretse. Koma ndevu angathe kuzimeta lero lomwe n'kuona kusintha pagalasi. Choncho kumeta kwa sabata ndi sabata kumeneku ine kukundipatsa chiyembekezo, chifukwa kukusonyeza kuti munthuyo akufunabe kudzuka. Amene amandisowetsa tulo ndi uja wasiya ndi kusamba komwe.

Tsopano misozi ija. Mapulogalamu onsewa amathera pamodzi: chitseko chimatseguka, bambo uja amalowa, mkazi wake kapena mwana wake amagwira pakamwa n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba. Ndafunsapo abambo angapo oonera zimenezi kuti misozi imawabwerera pati, ndipo palibe adatchulapo pogula zovala. Onse amatchula pachitseko pomwepo. Mmodzi wa zaka zopitirira 50 adandiuza kuti sakukumbukira tsiku limene akazi awo adawayang'ana popanda kufunsa za mayunitsi a magetsi kapena za lendi. Sankawadandaula akazi awowo, ankadziwa kuti nawonso atopa. Ankangonena chimene chidasowa. Tidaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira, ndiye misozi ya ntchito yotha, ya ngongole, ya manyazi pamaso pa apongozi imasowa potulukira. Kulirira mlendo wa pa kanema n'kopepuka, poti ukafunsidwa unena kuti ndi kanema chabe. Amuna anu adazimitsa foni chifukwa cha manyazi oti mwawaona akulira. Ine ndikukhulupirira, Amayi, kuti amene akumutchenerayo ndinu, ndipo mwina iwo eni sadazindikire n'komwe.

Komabe chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo muyenera kuzidziwa nonse awiri. Okonza mapulogalamuwa amasankha munthu mmodzi mwa ofunsira ambiri, amene nkhani yake ingagwire mitima. Amajambula masiku angapo n'kudula mpaka kutsala nthawi yosakwana ola. Zovala, mipando ndi mafuta odzola amalipira ndi eni kanema pamodzi ndi amalonda ofuna kutsatsa katundu wawo. Makamera akapakiridwa, za Lolemba lotsatira sitizionanso. Pali pulogalamu imodzi imene akatswiri a zaumoyo adaitsatira bwinobwino, The Biggest Loser, mpikisano wochepetsa thupi umene kanema wa NBC adauyambitsa mu 2004. Ofufuza a National Institutes of Health ku America, motsogozedwa ndi Kevin Hall, adayeza anthu 14 amene adapikisana mu 2009 patapita zaka 6. Zotsatira zidatuluka mu 2016: 13 mwa iwo adali atanenepanso, ena mpaka kupyola pomwe adayambira, ndipo matupi awo ankagwiritsa ntchito chakudya mochepa kuposa mmene zimayenera kukhalira, kusiyana kwa makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 patsiku. Anthuwo sadali aulesi. Thupi likakakamizidwa kusintha mwaliwiro chotere limabwezera. Ngozi ya woonera ndi yakuti amayerekeza miyezi yake inayi ndi sabata imodzi ya pa kanema, n'kuyamba kudziona wolephera kawiri.

Nyerere yachiwiri ndi ngongole. Bambo wina adandipeza atakongola kwa akatapila kuti agule suti, wotchi ndi foni yatsopano, poganiza kuti akaoneka ngati zikumuyendera ntchito imupeza. Ngongole idabereka, firiji idanyamulidwa ana akuona, ndipo manyazi amene ankawathawa adamupeza ataonjezekera. Mapeyala awiri a nsapato si mlandu. Chofunika kuyang'ana n'komwe ndalamayo yachokera. Ngati ndi ya maganyu awo, ufa ulipo, lendi ndi fizi zili m'malo, asiyeni avale. Mukaona ngongole za pafoni zikuchuluka, katundu wa m'nyumba akusowa, kapena ayamba kukutumani kukatapa ku banki m'khonde kuti agule zovala, pamenepo khalani pansi msanga.

Pano ndilankhule ngati mwana wa telala. Chimene chimasintha abambo a pa kanema aja kwambiri ndi chovala chowakwana, ndipo kukwana sikudalira mtengo. Msoko wa paphewa ukhale pomwe phewa lathera, mkono wa malaya uthere pamfundo ya dzanja, thalauza lingokhudza nsapato osakwawa pansi. Kaunjika wakwera, mpaka mavenda adaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 kudandaula mtengo wa mabelo, komabe malaya a ku msika wa Tsoka amene telala wawabweza m'mbali amaoneka bwino kuposa a m'sitolo yodula ya ku Gateway Mall osamukwana munthu. Malaya atatu, mathalauza awiri a mtundu wosafuula, lamba mmodzi ndi nsapato zopolishidwa n'zokwanira. Ndipo kwa munthu woyendetsa galimoto za eni, ukhondo ndi mbali ya mpamba wake. Mwini galimoto amaitananso dalaiva amene adafika atasamba, atavala mwaulemu, n'kubweza galimoto ili yoyera.

Pa kumeta, tsitsi lathu ndi lopotana, ndiye likametedwa ndi lezala mpaka pakhungu limapindika pomera n'kubaya khungu, n'kutulutsa ziphuphu zija za m'khosi ndi pankhongo. Makina osiyako katsitsi pang'ono ndi abwino koposa. Aziona ndi maso awo kuti wometa watsuka makina ndi spiriti, ndipo ngati pagwiritsidwa lezala likhale lotsegulidwa pomwepo. Akafuna kudetsa imvi, ayambe apaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira masiku awiri, chifukwa mankhwala amenewa ena amawatupitsa nkhope. Mafuta oyeretsa khungu okha asawayandikire. Ambiri muli mankhwala amene amapyapyalitsa khungu n'kulisiya ndi zipsera zakuda, ndipo ena muli mekyule amene amaononga impso.

Za jimu, asadalipire kalikonse apite kaye kuchipatala cha Area 25 akayezetse BP ndi shuga. Abambo ambiri a msinkhu umenewu akuyenda ndi BP yopitirira 140/90 osamva kanthu m'thupi, ndipo kunyamula zitsulo zolemera ili pamenepo n'koopsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera olimbitsa thupi apakatikati. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu kwakwanitsa kale zimenezo, popanda kulipira tambala. Ngati akufuna kuchepetsa mimba, kutsika theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata ndiye liwiro limene thupi limavomera. Chimene ndikuwachenjeza mwamphamvu ndi majakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu amene anyamata ena amagulitsana mobisa m'malo onyamulira zitsulo. Amakweza BP, amavulaza chiwindi ndi mtima, amachepetsa mbewu ya abambo, amabweretsa ukali, ndipo munthu akasiya mphamvu za kuchipinda zimatha kwa nthawi yaitali.

Chimene chikundidetsa nkhawa lero lomwe ndi 1 koloko ija. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndipo dalaiva wogona mochedwa n'kudzuka m'bandakucha ali pangozi pamsewu wa M1, iye ndi amene wawanyamula. Kusowa tulo kumakulitsanso nkhawa. Apa pokha palankhulidwe mosazungulira.

Nanga inu mutani? Funso loti "mukutchenera ndani?" lisatuluke pakamwa panu, ngakhale moseka. Likhoza kuwabwezera m'chigoba momwe angoyamba kutulukamo. Za misozi ija musakawauze anzanu a ku banki m'khonde, chifukwa zikadzawapeza kudzera kwa amuna a anzanuwo, pakamwa padzatsekeka zaka. Usiku wina ana atagona khalani pambali pawo n'kunena kuti "tandionetseniko zimene mumaonerazi." Onerani limodzi mpaka kumapeto. Musayambe ndi kufunsa za iwo. Nenani za bambo wa pa kanemayo, kuti "koma bambo ameneyu zidamupweteka," kenako khalani chete, ngakhale chetecho chitalike. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Abambo ambiri amayamba kunena za mnzawo wa pa kanema, n'kupezeka kuti akunena zawo. Akabwera kometa, dzutsani mutu pa zimene mukuchita, muwayang'ane, munene chimene mwaona. Ndikudziwa kuti nanunso mwasenza katundu chaka chonsechi, mwina ndinu amene mukugula ndiwo, ndipo pangakhale kuwawidwa mtima koti iwo akugula nsapato inu mukuvutika. Kuwawidwa kumeneko n'koona ndipo kuyenera kunenedwa, koma patsiku lake, masana, muli ndi kope ndi cholembera, mugwirizane kuti pa ndalama ya ganyu iliyonse yakuti ndi ya pakhomo, yakuti ndi yometera ndi bandulo.

Ngati ayamba kuchita chidwi ndi mbali ya kuphika ndi kukonza m'nyumba, apatseni mpata osawaseka pamene mpunga wapsereza. Ana aone bambo awo atagwira mthiko. Kumbukiraninso kuti pa kanema paja othandiza amakhala asanu, inu muli nokha. Amuna anu akufunikanso amuna anzawo: mkulu wawo, atsibweni awo, mnzawo wakale wa ku Kanengo amene naye ntchito idamuthera, gulu la abambo la kumpingo, ngakhale mpira wa abambo wa Lamlungu masana. Mukhoza kutsina khutu mmodzi amene amamulemekeza kuti azidzawatenga nthawi ndi nthawi, osamuuza zonse za m'nyumba.

Ngati mtsogolo mudzaone zizindikiro zenizeni zija ndatchula poyamba, foni yobisidwa, kugona kunja, ndalama zosowa, afunseni mwachindunji muli awiri. Zikakanika itanani ankhoswe, ndipo mukayezetse magazi limodzi. Koma musayambire kumeneko pa umboni wa nsapato.

Pali nthawi imene nkhaniyi imapitirira pa inu ndi ine. Mukaona kuti kwa sabata ziwiri kapena kuposerapo amuna anu ndi okhumudwa tsiku lonse, zimene ankazikonda sizikuwasangalatsanso, sakudya, akudzuka pakati pa usiku osagonanso, mowa wachuluka, kapena akukana maganyu n'kumangogona, amenewo akhoza kukhala matenda a nkhawa, ndipo amachizika. Chimodzimodzi akayamba kutha maola pagalasi, kudana ndi thupi lawo, kudzimana chakudya kapena kumwa mankhwala osadziwika. Akamaonda asakufuna, akayezetse shuga, TB ndi HIV. Kuno ku Lilongwe thandizo la matenda a maganizo limapezeka ku St John of God ku Area 43 komanso kuchipatala cha Bwaila, ndipo achipatala cha kwanuko angathe kukulemberani kalata yokutumizani. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa anthu odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Choncho mukadzamva mawu ngati "bola nditangofa," "mudzatsala bwino popanda ine," kapena mukaona akugawa katundu wawo ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musadikire kuti kuche. Afunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chifukwa kufunsa sikumuika munthu maganizowo. Musawasiye okha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi osungira chimanga, itanani wachibale wamkulu, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ku Kamuzu Central Hospital usiku.

Abambo ambiri amakana akauzidwa kuti "pitani mukaonane ndi alangizi," koma amavomera akamva kuti "tiyeni tipitire limodzi tikayezetse BP, nanenso ndikayezetsa." Poti iwo atchula kale za jimu, chifukwa chopitira kuchipatala muli nacho. Mukafika, muwauze adokotala za tulo ndi za ntchito yomwe idatha ija.